Nyali za pa Mtsinje wa ku Hoi An

Dzuwa likamalowa mumzinda wa Hoi An, m'dziko la Vietnam, anthu amayamba kutsikira kumtsinje. Mtsinjewo ndi Hoai, mphanda ya mtsinje waukulu wa Thu Bon, ndipo umadutsa m'mphepete mwa nyumba zakale za mzindawu. Padooko pamakhala patandandalikana mabwato ang'onoang'ono amatabwa, lililonse litakolekedwa nyali zansalu zamitundumitundu. Ambiri opalasa ndi amayi, ena achikulire ndithu. Mlendo asanakwere amagula kanyali kapepala, kabokosi kopanda chivindikiro kokhala ndi kandulo yaing'ono pakati. Bwato likafika pakati pa madzi wopalasa amaleka nkhafi. Mlendo uja amayatsa kandulo, natchula chamumtima chinthu chimene akulakalaka, kenaka n'kutsitsira kanyaliko pamadzi. Ulendo wonse sukwana ngakhale ola limodzi.

Izi zimachitika pafupifupi madzulo aliwonse, koma tsiku lalikulu ndi la 14 la mwezi wowerengedwa potsata mwezi wakumwamba, pamene mweziwo watsala pang'ono kukhala wathunthu. Usiku umenewo magetsi a m'dera lakale la mzindawo amachepetsedwa kuti nyali ziwale, ndipo mtsinje umadzaza ndi timoto toyenda pang'onopang'ono kulowera kunyanja. Mu 1999 bungwe la UNESCO lidaika Hoi An pamndandanda wa malo osungidwa chifukwa cha mbiri yawo, ndipo masiku ano alendo amafikako miyandamiyanda. Amene ali ndi foni mwina adaonapo timakanema take pa Facebook kapena pa TikTok. N'zokongola, palibe angatsutse.

Wina angafunse kuti za ku Vietnam zikudzatani m'kalata ya parishi. Pa 24 Novembala Eklezia amakumbukira Andrea Dung-Lac Woyera ndi anzake, amaritiri 117 a ku Vietnam amene Papa Yohane Paulo Wachiwiri adawalengeza kuti ndi Oyera pa 19 Juni 1988, chaka chimodzi asanadzacheze ku Malawi. Mwa iwo 96 adali eni nthaka, 11 ochokera ku Spain, 10 ku France. Ndipo Hoi An ndi amodzi mwa malo oyamba pamene chikhulupiriro chimene adafera chidamera mizu m'dzikolo. Komanso uno ndi mwezi wa akufa, mwezi woyatsa makandulo kumanda. Anthu a ku Hoi An nawo poyandamitsa nyali zija saganiza za mwayi wokha ayi. Ambiri amakumbukira makolo awo amene adatsogola, napempha mtendere ndi moyo wabwino pabanja.

Choncho Mkhristu asafulumire kuseka mwambowu, kapena kuuponyera kwa Satana monga ena amachitira ndi chilichonse chimene sachidziwa. Kanyali kaja ndi kotchipa, koma zimene munthu amasenzetsa n'zolemera. M'mabwato muja mumakwera mayi amene wakhala zaka pabanja osaona mwana, mnyamata womaliza sukulu amene akusowa ntchito, bambo amene dokotala wamuuza mawu oopsa, mtsikana amene sakudziwa ngati uja wamulonjeza adzamukwatiradi. Munthu amafuna kutula katundu wake penapake, ndipo mtima wokha sumukwanira: amafuna manja achitepo kanthu, maso aone. Mulungu ndiye adamulenga chomwecho. N'chifukwa chake Eklezia naye ali ndi madzi, mafuta, lubani, phulusa ndi makandulo. Amene amayatsa kandulo ku Groto ya Amayi Maria alibe chifukwa chonyozera woyatsa kandulo pamtsinje.

Funso lili pena: kanyaliko kakachoka m'manja, kamapita kwa yani? Mtsinje sudziwa kuwerenga za mumtima. Umangonyamula chimene wapatsidwa, duwa ndi chinyalala chimodzimodzi. Pakapita kanthawi kandulo imatha, pepala limanyowa, ndipo tinyali tija timakakocheza m'mbali mwa mabwato ndi pansi pa milatho. Pamakhala anthu ogwira ntchito yotivuula kuti tisaipitse madzi. Mlendo uja nthawi imeneyo ali kale kumalo ogona, akutumizira abale ake zithunzi.

Pamenepa ndi pamene khumbo limasiyanirana ndi pemphero. Khumbo munthu amaliponya mumdima, osalunjika aliyense. Silifunsa kuti wolakalakayo ndi ndani, akukhala bwanji ndi mkazi wake, adabweza kapena ayi ngongole ya mnzake. Ndi lokoma chifukwa chomwecho: silimuyankha, ndiye silingamukanize. Pemphero lili ndi mwini wake wolilandira. Limapita kwa Atate, kudzera mwa Yezu Khristu, ndipo Atatewo ali ndi maganizo awo. Atha kuvomera, atha kuchedwa, atha kukana, athanso kubweza funso kwa wopemphayo. Paulo Woyera akusimba mu 2 Akorinto 12 kuti adapempha katatu konse kuti chinthu china chomulasa m'thupi chimuchoke, koma sichidachoke. Chimene adalandira ndi lonjezo la chaulere cha Mulungu chomukwanira. Ambuye Yezu mwini wake ku Getsemani adapempha kuti masautso amupitirire, nasiya mawu otsiriza m'manja mwa Atate, ndipo usiku womwewo adagwidwa. Mtsinje ukadakhala ndiwo wolandira, sipakadakhala zonsezi. Wopempha kwa Mulungu wamoyo ndiye amakumana nazo.

Vuto ndi lakuti Mkhristu atha kusandutsa pemphero lake kukhala khumbo osadziwa, ndipo safunika kupita ku Vietnam kuti atero. M'tauni muno tinyali totere tilipo tambirimbiri. Uthenga umafika pa WhatsApp wonena kuti wolemba Amen n'kutumizira anthu khumi aona zodabwitsa sabata isanathe. Munthu amalemba, amatumiza, n'kubwerera ku zake. Wina amagula kabotolo ka madzi kapena ka mafuta kwa wodzitcha mneneri, poganiza kuti mwayi uli m'botolomo. Koma asaloze chala kwa anzake okha Mkatolika. Pali amene amapereka ya Misa kuofesi ya parishi kuti apempherere malemu bambo awo, iwo eni osabwera ku Misa ya tsikulo. Pali amene amayamba novena mayeso akayandikira, mabuku ali chitsekere. Pali amene amayatsa kandulo kupempherera m'bale wodwala kuchipatala, koma papita masabata atatu osakamuzonda, chikhalirecho minibasi yopita kumeneko imadutsa pakhomo pawo. Kalata ya Yakobo Woyera, mutu 2, idachiona kale chimenechi: munthu wouza mnzake wausiwa ndi wanjala kuti apite bwino, akafunde ndi kukhuta, osamupatsa kanthu. Mawu ake ndi abwino ndithu. Ndi kanyali kowala, kongoyandama.

Komatu kusiya chinthu pamadzi si kulakwa nthawi zonse. M'Buku la Eksodo, mutu 2, muli mayi amene adachita zofanana kwambiri ndi za ku Hoi An, kungoti iye sadaike kandulo pamtsinje, adaika mwana wake. Farao adali atalamula kuti ana aamuna onse a Ahebri aziponyedwa mu Nailo. Mayiyu adabisa khanda lake miyezi itatu. Amene adalerapo mwana m'nyumba yalendi, pamene chifuwa cha mnansi chimamveka kuseri kwa khoma, akudziwa kuti kubisa kulira kwa khanda miyezi itatu si masewera. Zitakanika, adatenga kadengu ka gumbwa, nakamata ndi phula kuti madzi asalowe, nagonekamo mwanayo. Sadakakankhire pakati pa mtsinje kuti mkokomo ukatenge. Adakaika pakati pa mabango, m'mphepete. Ndipo mlongo wake wa mwanayo adaima chapatali kuti aone chimene chichitike.

Mfundo zimenezi n'zazing'ono koma zikunena zambiri. Mayiyu adafika pamapeto a mphamvu zake, ndipo adavomereza kuti wafikapo. Sadanamizire kuti angathe kumuteteza mwanayo mpaka kalekale. Adamusiya. Koma asanamusiye adachita zonse zimene manja ake akadatha: kusankha gumbwa, kumata mpata uliwonse, kuyang'ana malo amene madzi sathamanga. Atamusiya, banjalo silidatembenuke n'kumapita. Padatsala maso. N'chifukwa chake mwana wamkazi wa Farao atatsikira kudzasamba, n'kutsekula kadengu, n'kumva chisoni ndi khanda lolira, padali wina pafupi woti athamange n'kunena kuti akudziwa mayi wachihebri amene angayamwitse mwanayo. Yankho la Mulungu lidafika pa ola lake, koma lidapeza munthu ataima pomwepo, wokonzeka kutsekula pakamwa pamaso pa mwana wa mfumu. Mtsikanayo akadapita kukasewera, Mose akadapulumuka mwina, koma sakadayamwa bere la mayi wake, sakadadziwa kuti ndi wa mtundu uti.

Ndipo yankholo silidabwere lopanda minga. Mayi uja adalandiradi mwana wake, mpaka kumalipidwa chifukwa chomuyamwitsa, zimene akadauzidwa dzulo lake akadati n'kumuseka. Koma mwanayo atakula pang'ono adayenera kukamupereka kunyumba ya Farao, nakhala mwana wa mkazi wina, wopatsidwa dzina ndi mkazi winayo. Adapempha moyo wa mwana, adaulandira, koma mwanayo sadakhale wake monga momwe mayi aliyense amafunira. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wopempha ana walira fizi ndi kusagona tulo. Wopempha ntchito walira kudzuka m'mamawa ndi kukana ziphuphu zimene anzake a muofesi akulandira. Wopempha mtendere m'banja mwina ayankhidwa kuti ayambe ndiye kupepesa. Ambiri amene amadandaula kuti Mulungu sawamva, adamvedwa kalekale, kungoti yankho lidabwera litavala matope, iwo n'kulipitirira osalizindikira.

Tsono amene wayatsa kandulo mwezi uno chifukwa cha malemu ake wachita bwino, ndipo asaleke. Eklezia amaphunzitsa kuti mapemphero a amoyo, makamaka nsembe ya Misa, amathandiza mizimu ya mu Purigatoriyo. Akufa ali kale kutsidya, kumene dzanja la munthu silifika, ndipo palibe china choposa kuwapereka kwa Mulungu. Koma malemuwo adasiya zinthu kutsidya lino. Adasiya mkazi wamasiye amene achibale akumuthamangitsa m'nyumba. Adasiya ana amene adagawidwa pamaliro ndi malonjezo ambiri, lero palibe akudziwa kuti fizi ya teremu ino alipira ndani. Adasiya mkangano wa poloti umene wasiyanitsa abale a mimba imodzi. Pamenepo ndiye pa mabango pamene wina ayenera kuima. Kandulo ya pamanda imatha usiku womwewo, koma ana aja m'mawa adzadzuka ndi njala.

Mzinda wa Hoi An womwewo uli ndi munthu wake amene adaonetsa chimene kandulo ya Mkhristu imatanthauza, ngakhale opalasa mabwato sakamba za iye kwa alendo. Zaka 400 zapitazo mzindawu udali dooko lalikulu la malonda. Azungu ankautcha Faifo. Kunkafika zombo za ku China, ku Japan, ku Portugal ndi ku Holland, kudzagula silika ndi zokometsera zakudya. Mlatho wofolera umene amalonda a ku Japan adamanga ulipobe mpaka lero. Pambuyo pake matope ndi mchenga zidadzaza pamathiriro a mtsinje, zombo zazikulu n'kusamukira ku Da Nang, ndipo kuiwalika kumeneko ndiko kudasunga nyumba zakale zimene alendo akuzikhamukira tsopano. Mu 1615 ansembe a chipani cha Ajezuiti, motsogozedwa ndi Bambo Francesco Buzomi, adafika m'derali. Ena mwa Akhristu oyamba amene adawatumikira ku Hoi An adali a ku Japan, othawa mazunzo kwawo. Mnzawo wina, Bambo Francisco de Pina, ndiye adayamba kulankhula bwino chinenero cha anthuwo ndi kuchilemba m'zilembo zachilatini, ntchito imene idadzabala kalembedwe kamene dziko lonse la Vietnam likugwiritsa ntchito lero. Iyeyu adamira m'nyanja ya kufupi ndi komweko mu Disembala 1625, bwato lake litagubuduka. Madzi a kumeneko sadanyamule tinyali tokha.

Wophunzira wa de Pina, Bambo Alexandre de Rhodes, ndiye adabatiza mu 1641 mnyamata wina wa m'chigawo cha Phu Yen, namutcha Andrea. Si Andrea Dung-Lac wa pa 24 Novembala uja, amene adali wansembe ndipo adaphedwa mu 1839. Uyu ndi wa zaka pafupifupi 200 m'mbuyo mwake. Atabatizidwa adapita kukakhala ku Hoi An, m'gulu la akatekisiti amene de Rhodes ankawaphunzitsa. Ntchito yawo idali yomwe akatekisiti a kuno akuidziwa: kuphunzitsa ofuna ubatizo, kuyendera odwala, kusunga mpingo pamene wansembe palibe. Ndipo wansembe ankasowadi kawirikawiri, chifukwa olamulira ankawapirikitsa amishonale, kuwalola kubwerera, n'kuwapirikitsanso.

Mu Julayi 1644 nduna ya m'chigawocho idatuma asilikali kunyumba ya de Rhodes kukagwira katekisiti wamkulu, dzina lake Ignasio. Sadamupeze. Adapeza Andrea, wa zaka 19 kapena 20, amene sadali pamndandanda wawo n'komwe. Kuti asabwerere chimanjamanja adamumanga iyeyo. Atamuimika pamaso pa nduna adamuuza kuti asiye chikhulupiriro chake, iye n'kukana. Adamuveka goli lolemera lamatabwa m'khosi, ndipo pa 26 Julayi, chakumadzulo, adapita naye kumunda wina ku Ke Cham, makilomita ochepa kuchokera ku Hoi An. De Rhodes adaloledwa kumuperekeza, ndipo ndi iye amene adalemba zimene zidachitika. Andrea adalimbikitsa Akhristu amene adasonkhana kuti asafooke, kuti chikondi cha Ambuye achibweze ndi chikondi, ndipo moyo aubweze ndi moyo. Adamubaya ndi mikondo, kenaka n'kumudula mutu, dzina la Yezu lili pakamwa pake.

Mnyamata wa msinkhu umenewo sangalephere kukhala ndi zolakalaka. Palibe chifukwa choganizira kuti Andrea ankafuna kufa, kapena kuti sadapemphere usiku wa m'ndende uja kuti zimupitirire. Adali atabatizidwa zaka zitatu zokha. Akadatha kunena zoona zenizeni, kuti amene akumufuna si iyeyo, n'kuwonjeza kabodza kamodzi kakang'ono, kuti za Chikhristuzi wangozilowa mwachibwana. Ambiri akadamumvetsa. Koma pa ubatizo Mkhristu salandira kanyali koti akasiye pamadzi. Mwambo wa lero umaonetsa zimenezi poyera: kandulo imayatsidwa kuchokera ku kandulo ya Pasaka, n'kuperekedwa m'manja mwa wobatizidwa, kapena mwa makolo ndi ankhoswe ngati ndi khanda, ndipo wansembe amawalangiza kuti aisunge yoyaka mpaka Ambuye adzabwere. Kanyali ka pamtsinje munthu amasankha yekha choti kanyamule, ndipo akakasiya udindo wake watha. Kandulo ya ubatizo imabwera ndi zimene Mulungu akufuna pa munthuyo, ndipo imamutsata kunyumba, kumsika, kuofesi, ngakhale kubwalo la milandu. Nthawi zina phula lake lotentha limadonthera padzanja.

M'parishi muno palibe akuopsezedwa ndi mkondo, ndipo kungakhale kudzikuza kuyerekeza zovuta za m'tauni ndi goli la Andrea. Komabe funso la nduna ija limafunsidwa tsiku ndi tsiku m'mawu ofewa. Limafunsidwa kwa wowerengera ndalama amene bwana wamuuza kuti asayine pepala labodza, kwa namwino amene wauzidwa kuti mankhwala ena atuluke pakhomo lakuseri, kwa mtsikana wapakoleji amene wauzidwa mtengo wa malikisi ake. Munthu wotere atha kubwera kutchalitchi, kuyatsa kandulo, kulakalaka kuti zinthu m'dziko muno zisinthe, n'kukasayina Lolemba m'mawa. Athanso kugwada n'kuuza Atate poyera kuti akuopa kuchotsedwa ntchito, kuti ali ndi ana, kuti sakudziwa kuti lendi idzachokera kuti, kenaka n'kumata kadengu kake ndi phula: kufunsa nzeru kwa odziwa malamulo, kuuza a m'Limana mwake kuti aime naye, kusunga makalata onse. Zotsala n'kuzisiya m'mabango. Palibe wansembe woona angamulonjeze kuti mwana wa Farao adzatsikira kumtsinje tsiku lomwelo. Kwa mayi wa Mose adatsika. Kwa Andrea sadatsike.

Thupi la Andrea adalinyamula pa chombo kupita nalo ku Macau, ndipo de Rhodes, amene adapirikitsidwa m'dzikolo kotheratu chaka chotsatira, adakafika ndi mutu wake ku Roma. Pamndandanda wa 117 aja dzina lake palibe, ngakhale adawatsogolera onsewo. Lidadikira mpaka pa 5 Malichi 2000, pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri adamulengeza kuti ndi Wodala, patapita zaka 356 chimuphereni. Tsiku lomukumbukira ndi 26 Julayi, ndipo akatekisiti a ku Vietnam amamutenga ngati nkhoswe yawo.